Mono wa golide: mmene timizere tofiira timagwirira kachilombo

Mvula ikagwa yokwanira pa phiri la Zomba ndi la Malosa, mtsinje wa Domasi umatsika uli psuu ndi matope, ndipo matemba a ku Chilwa amayamba kukwera mitsinje kukaswana. Munthu ataima pamlatho n'kusuzumira pansi saona kanthu. Madzi ndi ovunduka, nsombazo siziposa chala kutalika, ndipo iliyonse ikudzisambirira payokha. Msodzi wa kumunsi, kumene mtsinje umalowa m'madambo, sataya nthawi n'kusuzumira. Amazika bango kudutsa kamfuleni, n'kusiya mpata umodzi, pampatapo n'kutcherapo mono. M'mawa akauvuula, zija sizimaoneka dzulo zili mbuu, zikuphiriphitha. Sanakulitse nsomba ndi imodzi yomwe. Wangozisonkhanitsa pamalo amodzi.

Nzeru yomweyi ndi imene ili m'tizipangizo toyezera magazi timene timatipeza pa chipatala cha Domasi, pa St Luke's ku Malosa, pa Zomba Central ndi m'zipatala zing'onozing'ono za m'chigwa chino. Amene anayezetsapo akudziwa mmene zimakhalira. Mlangizi amakupukuta chala ndi thonje, n'kukubaya pang'ono, n'kutapa kadontho ka magazi ndi kachubu kopyapyala. Amakadontheza kumapeto kwa kapepala, n'kuonjezerapo dontho la madzi a m'kabotolo. Kenako amayesa kukuchezetsa nkhani zina, iwe maso ali pathebulo, mphindi 15 zikukana kutha. Mzere umodzi, kapena mizere iwiri. Ambirife timayesa kuti kufiira kwa mzerewo ndi kwa magazi athu omwe aja. Si choncho. Pa kachipangizo ka Uni-Gold, kamene kamapangidwa ndi kampani ya Trinity Biotech ya ku Ireland, mzerewo ndi golide, golide weniweni wa kumgodi, wogawidwa m'timibulu tochepetsetsa. Pa Determine, kamene kawirikawiri ndi koyambira, m'malo mwa golide muli timibulu ta chinthu china cha m'nthaka chotchedwa selenium, koma kagwiridwe kake ka ntchito n'kamodzimodzi. Luso lopanga tinthu tochepa chonchi n'kutipatsa ntchito ndi limene amati nanotekinoloje. Ena akamva dzinali amaganiza za ku Ulaya ndi ku America, pamene ife takhala tikulipatsa chala kwa zaka zoposa 20.

Kuchepa kwake n'kotere. Tengani rula ya mwana wasukulu, muone timipata ta mamilimita. Kampata kamodzi mukagawe magawo 1 miliyoni. Gawo limodzi ndiye nanomita. Tsitsi limodzi la m'mutu ndi lonenepa mananomita pafupifupi 80,000. Selo yofiira ya magazi ndi 7,000 kapena 8,000. Kachilombo ka HIV ndi pafupifupi 120, ndipo ka Covid-19 kali mumsinkhu womwewo. Maikulosikopu wamba imathera mphamvu pa mananomita 200, n'chifukwa chake wa mu labotale amaona tizilombo ta malungo ndi ta TB pagalasi, koma vairasi sangaione ngakhale atapukuta magalasi tsiku lonse. Timibulu ta golide ta m'tizipangizo toyezera timakhala mananomita 40 kapena cha pamenepo, tochepa kuposa kachilombo komwe tikukasaka.

Golide amene timamudziwa ndi wachikasu, koma akachepa kufika apa amafiira. Kuwala kwa dzuwa kuli ndi mitundu yonse ya utawaleza. Pa kambulu kochepa chonchi, ma elekitironi a pamwamba pake amagwedezeka pamodzi mogwirizana ndi kuwala kobiriwira, n'kukumeza, ndipo chotsala chimene chimafika m'diso ndi chofiira. Amisiri a magalasi a ku Roma ankachita zimenezi osadziwa chifukwa chake. Ku British Museum ku London kuli chikho cha m'zaka za m'ma 300, Lycurgus Cup, chimene chimaoneka chobiriwira nyali ikakhala kutsogolo kwake, chofiira ikakhala kumbuyo, chifukwa m'galasi lake muli timibulu ta golide ndi siliva. Mu 1857 Michael Faraday anafotokoza kuti m'madzi ofiira amene anapanga munali golide wosasungunuka, wongogawikana kwambiri, ndipo ena mwa mabotolo ake akadali ku Royal Institution mpaka lero. Kaphikidwe kotchuka kanalembedwa ndi John Turkevich ndi anzake mu 1951, ndipo n'kosavuta modabwitsa. Amawiritsa madzi achikasu osungunuliramo mchere wa golide, n'kuthiramo citrate, mchere wochokera ku asidi amene amawawasitsa mandimu. Madziwo amayera kaye, kenako amada, ndipo pakapita mphindi zochepa amasanduka ofiira. Mu 1971 Page Faulk ndi Malcolm Taylor anasonyeza kuti timibulu timeneti tikhoza kuvekedwa mapuloteni a m'thupi kuti tizikakamira pa chinthu chimodzi chosankhidwa. Kuchokera apo njira yofika patebulo la mlangizi inali itatseguka. Musayambe kutolera tizipangizo totayidwa poganiza kuti mulemera: golide wa mphete imodzi akhoza kukwanira tizipangizo zikwi mazanamazana.

Mkati mwa kachipangizomo muli tizigawo tinayi tomatidwa mondondozana. Koyamba n'kathonje kolandira dontho, kamene kamatsekereza maselo ofiira n'kulola madzi a m'magazi okha kudutsa. Kachiwiri n'kathonje kofiirira pamene pagona golide, wouma, kambulu kalikonse katavekedwa tizidutswa ta mapuloteni ofanana ndi a pakhungu la HIV. Mapuloteniwa ndi opangidwa m'fakitale, mulibe kachilombo kamoyo m'menemo. Kachitatu ndi njira yoyera ya pepala la nitrocellulose, lodzaza timabowo. Kumapeto kuli thonje lina louma lokoka madzi. Batire mulibe, pampu mulibe. Madzi amadziyendera okha m'timabowo tija. Umenewu ndiye mtsinje wathu, wotalika masentimita owerengeka.

Munthu akatenga HIV, thupi lake limapanga tizida tolimbana nako, timene achipatala amati ma antibody. Iliyonse ili ndi manja awiri, ndipo manjawo amagwira chinthu chimodzi chokha, chimene anapangidwira. Madzi a m'magazi akafika pa thonje lofiirira amanyamula golide uja, ndipo ngati muli ma antibody a HIV, amagwira timibuluto ndi dzanja limodzi n'kumatsika nato. Kutsogolo, pakati pa njira yoyera, opanga anazikapo kale mzere wosaoneka wa mapuloteni omwe aja. Apa ndiye pa bango ndi mono. Antibody ikafikapo imagwira mzerewo ndi dzanja lachiwiri, n'kukodwa, golide wake ali kumanja. Imodzi singaoneke. Chikwi sichingaoneke. Zikakodwa mamiliyoni pa mzere wopyapyala womwewo, m'pamene diso limayamba kuona kufiira. Ngati ma antibody amenewa mulibe, golide amangodutsa popanda womukola, malowo n'kutsala oyera.

Nanga mzere winawo, umene umatuluka kwa aliyense? Msodzi wodziwa ntchito akapeza mono wopanda kanthu sathamangira kunena kuti mumtsinje mulibe nsomba. Amayamba waona ngati madzi anadutsadi pamenepo usiku, chifukwa mwina mfuleni unaphwa, mwina zinyalala zinatseka kumtunda. Mzere wachiwiriwu, umene pa tizipangizo tambiri amaulemba C, ndi mono wotchera kumapeto kwa mtsinje kuti usonyeze kuti madzi anafikadi ndipo ananyamula timibulu. Ukapanda kutuluka, zotsatira zonse n'zotaya, kaya mzere woyamba waoneka kaya ayi, ndipo mlangizi amang'amba paketi ina. Amene amadziyeza okha kunyumba ndi OraQuick, kaja kopukutira nkhama, agwiritse mfundo imeneyi kuposa ina iliyonse. Tinene podutsa kuti kudziyeza wekhaku dziko lapansi linaphunzira zambiri kuchokera ku Blantyre, kumene Augustine Choko, Liz Corbett ndi anzawo anasonyeza mu 2011 kuti anthu wamba akhoza kudziyeza molondola. Bungwe la WHO linavomereza njirayi mu 2016.

Pali pamodzi pamene mono wa msodzi ukuchepa nzeru. Iwo susankha: matemba, timakumba, kamlamba, nkhanu, ngakhale njoka ya m'madzi, chilichonse chokwana pakhomo chimalowa. Mono wa papepala umasankha potengera kaumbidwe ka chinthu, ndipo chosagwirizana ndi mzerewo chimapitirira. Komabe nawonso nthawi zina umakola mlendo, antibody ya matenda ena yofananako pang'ono. Zimachitika mwa apo ndi apo, koma dziko likamayeza anthu mamiliyoni pachaka, apo ndi apo ameneyo ndi anthu enieni okhala ndi maukwati enieni. N'chifukwa chake munthu sauzidwa kuti ali ndi kachilombo potengera kachipangizo kamodzi. Kwa zaka zambiri ndondomeko yathu inali Determine kenako Uni-Gold. Mu 2019 a WHO analangiza kuti tizikhala titatu tosiyana, tonse tivomerezane, ndipo Malawi anatsatira. Chifukwa chake n'chamasamu. Kafukufuku wa MPHIA wa 2020 mpaka 2021 anapeza kuti akuluakulu 8.9 mwa 100 alionse m'dziko muno ali ndi HIV, ndipo 88 mwa 100 a iwowo ankadziwa kale. Otsala osadziwa akamachepa, mwa mizere iwiri iliyonse yotuluka gawo la yabodza limakula, ndipo mlendo amene wanyenga mono wolukidwa ndi kampani imodzi n'kovuta kuti anyengenso wa kampani yachiwiri ndi yachitatu.

Golide ndi magazi a Amalawi zinakumanapo kale, mowawa. Amuna ambiri a ku Zomba, monga a m'maboma ena, anapita ku Joni pa Wenela, kenako pa Teba, kukakumba golide pansi pa nthaka. Pakati pa 1988 ndi 1992 pafupifupi 13,000 anabwezedwa kumudzi. Eni migodi anati ena mwa iwo, pafupifupi 200, anapezeka ndi HIV, ndipo anafuna kuti boma la Malawi liziyeza aliyense asananyamuke. Boma linakana, kulemba anthu ntchito n'kuthera pomwepo. Wiseman Chijere Chirwa wa ku Chancellor College analemba mu 1998 kuti nkhani ya kachilomboyo inali chophimba m'maso, zifukwa zenizeni zinali m'kusintha kwa kalembedwe ka antchito m'migodimo. Masiku amenewo kuyeza kunali kwa m'malabotale akuluakulu, m'manja mwa mabwana ndi maboma, ndipo wopezeka nako analibe kolowera. Ma ARV aulere anayamba kuno mu 2004, chaka chomwe kiliniki ya Tisungane inatsegulidwa pa Zomba Central, ndipo m'pamene kuyezetsa kunayamba kukhala ndi phindu kwa mwini magazi. Lero bungwe la boma la South Africa lofufuza za miyala ya m'migodi, Mintek ku Randburg, limapanga timibulu ta golide ta ntchito yoyezera matenda yomweyi.

Mdani wamkulu wa mono ndi nthawi. Mukautchera mvula yoyamba itangogwa, matemba asanayambe kukwera mwaunyinji, muuvuula wopanda kanthu, chikhalirecho nsomba zili m'njira. HIV ikalowa m'thupi, kwa masiku pafupifupi 10 palibe chida chimene chingaione m'magazi. Kenako chibadwa chake, RNA, chimayamba kupezeka. Pakapita masiku ena ochepa puloteni ya mkati mwake yotchedwa p24 imatulukira. Ma antibody, amene tizipangizo tathu timasaka, ndi otsiriza kufika: mwa ambiri pakatha milungu itatu kapena inayi, mwa ena mpaka miyezi itatu. Mlangizi akamati mudzabwerenso, sakukunamizirani ntchito. Choopsa n'chakuti milungu yoyambirirayi ndi imene kachilombo kamachuluka kwambiri m'magazi, munthu n'kumapatsira ena mosavuta, m'buku lake lakuchipatala mutalembedwa kuti alibe. Kimberly Powers ndi anzake anawerengera, m'kafukufuku wotuluka mu 2011, kuti mu Lilongwe pafupifupi 38 mwa anthu 100 alionse otenga HIV ankaitenga kwa munthu amene naye waitenga chaposachedwa.

Bwanji osaluka mono wogwira p24, popeza imafika msanga? Anayesa. Kunatuluka mtundu wa Determine wokhala ndi mzere wapadera wa p24, ndipo Nora Rosenberg ndi anzake a UNC Project anauyesa ku Lilongwe. Zotsatira zinatuluka mu 2012. Mwa anthu oposa 1,000 munali 8 amene anali atangotenga kumene kachilombo, ndipo mzere wa p24 sunagwire ndi mmodzi yemwe mwa iwo. Timibulu tokodwa pamzerepo sitinakwane kuti diso lione. Mpikisano wonse wa akatswiri masiku ano wagona pamenepa. Kugwira timatha kale. Chotisowetsa mtendere n'kuona pamene mumono mwakodwa nsomba zisanu zokha.

Yankho lakale ndi la dziwe. Aliyense wa ku Domasi amadziwa maiwe a National Aquaculture Centre, kumene amaswetsa nsomba n'kugulitsa mbewu yake kwa alimi. Nsomba zikakhala zochepa, ziikeni m'dziwe ziswane mpaka zioneke. Makina a PCR amachita zomwezo ndi chibadwa cha kachilombo: amachikopera, chimodzi chikhale ziwiri, ziwiri zikhale zinayi, maulendo 30 kapena 40, mpaka makope afike mabiliyoni. Ndi njira imene amayezera kuchuluka kwa kachilombo mwa amene akumwa ma ARV, ndiponso makanda. Khanda lobadwa kwa mayi amene ali ndi HIV limatha kukhala ndi ma antibody a mayi ake mpaka miyezi 18, choncho kachipangizo ka mizere kakhoza kufiira ngakhale mwanayo alibe kachilombo. Ndiye pa milungu 6 amamubaya kachidendene, n'kudontheza magazi pa kakhadi, kakauma n'kukatumiza pa njinga yamoto ku labotale yaikulu. Koma dziwe limafuna madzi, mlonda ndi nthawi, ndipo PCR imafuna magetsi osazimazima, chipinda chozizira, katswiri ndi mayendedwe. Kafukufuku wa m'zipatala za m'Malawi muno wotuluka mu 2018 anapeza kuti pa njira yotumiza makhadi, kholo linkalandira zotsatira pakatha masiku 56, kuwerengera pakatikati. M'zipatala zimene munaikidwa makina ang'onoang'ono oyezera pomwepo, pafupifupi zonse zinkatuluka tsiku lomwelo. Imfa za makanda obadwa ndi kachilombo zimachuluka pa miyezi iwiri kapena itatu, ndiye muone nokha kulemera kwa masiku 56.

Akatswiri a tinthu tating'ono akusaka yankho lina, loti nsomba iliyonse yokodwa izidzionetsa yokha. Gulu la Molly Stevens ku Imperial College London linakutira timibulu ta golide ndi chikhungwa cha platinamu chokhala ndi timabowo. Platinamu amafulumizitsa kusintha kwa mankhwala, choncho kambulu kakakodwa pamzere amathirapo madzi ena, ndipo kambulu kamodziko kamayamba kufulula utoto wambiri pomwe kali. Mu 2018 analengeza kuti kapepala kawo kanaona p24 yochepa ngati ya m'masiku oyambirira, m'mphindi zosakwana 20, ndi maso okha. Gulu la Rachel McKendry ku University College London linadzera kwina mu 2020. M'malo mwa golide linaika timibulu ta dayamondi tokhala ndi kachilema mkati, pamene atomu ya nayitrojeni yakhala moyandikana ndi malo opanda kanthu. Kachilemaka kamawala mofiira kakaunikiridwa ndi kuwala kobiriwira, ndipo mafunde a microwave amakachititsa kuphethira, kuwala n'kuzirala, mwa ndondomeko yodziwika. Pepala nalonso limawala pang'ono n'kumasokoneza, koma ilo siliphethira, ndiye makina owerengera amangotsata chophethiracho. Pa mayeso a mu labotale njirayi inaona zochepa kuwirikiza 100,000 poyerekeza ndi golide, ndipo atakopera chibadwa cha HIV kwa mphindi 10 zokha inatha kuona ngakhale pamene panali kope limodzi poyambira.

Manambala otere amakoma kumva, koma ine ndimawamva ndi khutu la ku Domasi. Dayamondi uja amafuna makina owerengera, makina amafuna batire, batire limafuna kotchajira, ndipo zikaonongeka wokonza ali kutali. Tizipangizo timene tili nato tinafalikira chifukwa timalowa m'chikwama cha wazaumoyo wopalasa njinga, sitilira firiji, ndipo kamodzi mtengo wake ndi cha m'ma dola imodzi. Itonso tili ndi malire. Pabokosi amalemba kuti tisungidwe posapitirira madigiri 30, pamene mu Okutobala kuchigwa cha Chilwa, m'chipinda cha malata chopanda siling'i, kutentha kumadutsa pamenepo dzuwa lisanafike paliwombo. Golideyo sasamala kutentha. Amene amafooka ndi mapuloteni omuveka aja. Chida chatsopano chilichonse chimene chikufuna kubwera kuno chiyesedwe kuno, m'chilimwe, pa magazi a anthu amene m'thupi mwawo mwadutsanso malungo ndi likodzo. Kaja ka p24 kanafika ku Lilongwe kali ndi mbiri yabwino ya m'malabotale a kunja.

Pali vuto linanso limene silifuna dayamondi: maso a munthu. Mzere wozirala, m'chipinda chamdima, kwa mlangizi amene wayeza anthu kuyambira m'mawa, ukhoza kuphonyeka, ndipo mthunzi ukhoza kuwerengedwa ngati mzere. Ku KwaZulu-Natal, gulu la McKendry lomwe lija pamodzi ndi Africa Health Research Institute linaphunzitsa pulogalamu ya pa tabuleti ndi zithunzi zoposa 11,000 za tizipangizo toyezedwa m'midzi, ndipo mu 2021 analemba kuti inawerenga bwino kuposa maso a ogwira ntchito. Kwa ife thandizo la mtundu uwu likhoza kufika msanga kuposa timibulu tatsopano, popeza mafoni okhala ndi kamera ali kale m'matumba.

Covid-19 inationetsa njira zonse ziwiri, ya dziwe ndi ya mono, m'chaka chimodzi. Odwala oyamba analengezedwa pa 2 Epulo 2020, ndipo poyamba kuyeza konse kunali kwa PCR m'malabotale owerengeka a m'mizinda. Chakumapeto kwa chakacho a WHO anavomereza tizipangizo ta mizere, STANDARD Q ya ku South Korea ndi Panbio ya Abbott. Mu Januwale 2021 matenda anafika poti nyumba ya boma ya ku Zomba isandutsidwe chipatala, ndipo m'chaka chimenecho tizipangizoti tinafalikira m'maboma. Mono wa Covid ndi wolukidwa mobwerera: timibulu ndi timene tavekedwa ma antibody, ndipo chokodwa ndi puloteni ya kachilombo kenikeniko, yotapidwa m'mphuno. Umagwira bwino m'sabata yoyamba ya zizindikiro, pamene kachilombo kachuluka, n'kumaphonya ena amene ali nako kochepa. Komabe yankho la mphindi 15, munthu asanakwere minibasi kubwerera kumudzi, nthawi zambiri linkathandiza kuposa yankho lolondola kwambiri lofika maliro atatha.

Chida china chinatengera khomo la mono lenilenilo. Msodzi atafuna kudziwa mtundu wa nsomba iliyonse, akanachepetsa khomo kuti zizilowa imodziimodzi, iye dzanja lili pa madzi odutsa pakhomopo. Mlamba ukamalowa madzi amachepa mwa mtundu wina, temba likamalowa mwa mtundu winanso. Kampani ya Oxford Nanopore inapanga kachipangizo kotchedwa MinION, kochepa kuposa foni, kolumikiza ku laputopu, mmene muli timabowo ta puloteni totakata nanomita imodzi kapena ziwiri. Magetsi ochepa kwambiri amadutsa m'bowo lililonse. Ulusi wa DNA ukamalowamo, zilembo zake zinayi, A, C, G ndi T, zimatsekereza magetsiwo mosiyanasiyana, ndipo kompyuta imawerenga ulusi wonsewo. Apa simungodziwa kuti kachilombo kalipo, mumadziwanso banja lake ndi kumene kachokera. Mu 2015 ofufuza anapita nako ku Guinea m'masutikesi pa mliri wa Ebola, n'kumatulutsa zotsatira pasanathe maola 24 chilandirire magazi. Mu 2018 Joseph Ndunguru wa ku Tanzania, Laura Boykin ndi anzawo anakafika nako m'minda ya chinangwa, n'kuzindikira vairasi yopinimbiritsa mbewu tsiku lomwelo, ali pansi pa mtengo ndi mlimi. Amene anazula nthochi zawo chifukwa cha chisaka akudziwa kufunika kodziwa msanga chimene chili m'mbewu.

Kwa ife nkhaniyi inafika pakhomo ndi poliyo. Mwana wa zaka zitatu ku Lilongwe anapuwala pa 19 Novembala 2021. Chimbudzi chake chinatengedwa chakumapeto kwa mwezi womwewo n'kutumizidwa ku labotale ya NICD ku Johannesburg, ndipo a CDC ku America anatsimikizira. Boma linalengeza pa 17 Febuluwale 2022 kuti inali poliyo yachilengedwe, yoyamba m'Malawi chichokere 1992, ndipo chibadwa chake chinaloza ku Sindh ku Pakistan. Inali miyezi itatu kachilombo kali pa ulendo, ndipo chaka chomwecho ana 8 anapezeka nako ku Tete. Njira yozolowereka imafuna kuti kachilomboko kaswetsedwe kaye m'maselo, mu labotale yovomerezeka, kasanawerengedwe. Ku DR Congo, a INRB ku Kinshasa pamodzi ndi a Imperial College anayesa kudumpha gawo limenelo powerenga ndi timabowo tija, ndipo analemba mu 2023 kuti nthawi inatsika kuchoka pa masiku 30 kufika pa 7.

Chimene chimandidetsa nkhawa n'chakuti miono yonseyi imalukidwa kunja. Determine amachokera ku Japan, Uni-Gold ku kampani ya ku Ireland, ina ku Korea ndi ku America, ndipo yambiri imagulidwa ndi ndalama za Global Fund ndi othandiza ena. Thandizo la America litaimitsidwa mwadzidzidzi mu Januwale 2025, aliyense anaona kuti ntchito ya zaka 20 ikhoza kugwedezeka ndi siginecha imodzi. Kuphika golide wofiira si kumene kungatikanike; ophunzira za kemisitiri pa University of Malawi ku Chirunga, ulendo waufupi kuchokera pa Domasi, akhoza kuchita zimenezo masana amodzi. Chovuta ndi mapuloteni oveka timibulu, fakitale yotulutsa kapepala ka miliyoni kofanana ndendende ndi koyamba, chilolezo cha WHO chimene ogula akuluakulu amafuna, ndi msika wokwanira kuti mtengo usapose wa ku Korea. Malawi payekha msika umenewo alibe, koma ataphatikiza ndi Zambia, Mozambique ndi Zimbabwe ulipo. Ku Senegal anayamba kale: Institut Pasteur de Dakar inatsegula fakitale ya tizipangizo ta mizere yotchedwa diaTROPIX mu 2020, mogwirizana ndi kampani ya Mologic ya ku Britain, ndipo inayamba ndi ta Covid-19.